Khasu la agogo, kuchokera ku Domue mpaka ku Songo

Lachisanu, Ulongué

Ndawoloka malire kulowa m'Mozambique pa Calomue cha m'ma 10 koloko m'mawa. Mvula inagwa usiku, chimanga cha m'mbali mwa msewu chafika m'mawondo, ndipo kuno ndi ku Dedza simungasiyanitse: mapiri omwewo, malankhulidwe omwewo, kungoti zikwangwani zalembedwa m'Chipwitikizi. Malire awawa ndinawadutsa ndili mwana mu 1986, koma tinkalowera uko pothawa nkhondo, usiku, osadzera pa chipata, mayi atasenza mtolo wa ziwiya, ife ana titauzidwa kuti wotsokomola atsokomolere m'malaya.

Shedi yanga yowotcherera zitsulo ku Lilongwe ndaitseka kwa sabata imodzi. Mlongo wanga wandipempha kuti ndiperekeze mwana wake wamkazi wa zaka 15 ku Songo, kumene alamu amagwira ntchito, akathere tchuthi kumeneko. Lero ndagona pa boma pano. Mawa ndikwera njinga yamoto kupita kumudzi.

Loweruka, kumudzi kufupi ndi phiri la Domue

Mlongo wanga anandidikirira ndi chinthu chokulunga m'chitenje. Polima chaka chino pamene panali chipala cha agogo aamuna, mnyamata waganyu anagunda chitsulo. Atafukula anapeza makasu awiri ndi nyundo. Agogo anazikwirira tsiku limene tinkathawa, poganiza kuti pakatha mwezi tibwerako. Iwo anamwalirira ku Malawi mtendere wa mu 1992 usanafike.

Khasu limodzi ladyeka ndi dzimbiri mpaka kubooka. Linalo lili bwino. Ndalikwecha ndi mchenga ndi madzi a mandimu, ndipo zipsera za nyundo zatulukira zonse, kuyambira pa nsonga yolowa mumpini mpaka kukamwa kwake. Ine chitsulo ndimachigwira tsiku ndi tsiku, koma cha ku fakitale, chosalala, chopanda dzanja la munthu. Apa ndikutha kuona pamene agogo anamenya ndi mphamvu ndi pamene mkono unayamba kulema.

Mtsikanayu anali chikhalire pa mpasa, akundiyang'ana. "Amalume, agogowo chitsulo ankachitenga kuti?" Ndamuuza kuti iwo ankasula zitsulo zakutha za galimoto, koma agogo awo ankayenga okha: miyala yofiirira, makala a mtengo, ng'anjo yadothi, mvukuto usiku wonse. Makasu a Amaravi ankayenda malonda mpaka ku Tete ndi kupitirira. Iye anakhala chete pang'ono. "Nanga m'miyalamo chinalowamo bwanji?"

Funso limeneli ndakhala nalo zaka zambiri. Ndawerenga za nkhaniyi paliponse pamene ndaipeza, mpaka anyamata a ku shedi amati abwana akagwira foni ndiye kuti ali kumwamba. Koma sanandifunsepo munthu wa magazi anga. Ndamuuza kuti yankho ndi lalitali ngati msewu wa ku Songo, tiziliyenda pang'onopang'ono.

Madzulo mitambo inatseguka, mwezi kunalibe. Abale anga okhala m'tauni, mdima wa kuno munauiwala. Nsangwe zinali pamwamba, Akamwiniatsatana atatu aja akukwera kum'mawa. Azakhali athu, omwe maso ayamba kuchita khungu, atamva zimene tinkakambirana anati: "Inu mukuvutikiranji? Zonse zinayambira pa Kaphirintiwa." Ndiye anaifotokoza monga anaimvera kwa amayi awo: dziko linali louma lopanda chamoyo, Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse, anaponda pa thanthwe likadali lofewa m'mapiri a Dzalanyama, m'malire momwemu. Onse ankakhala mwamtendere mpaka munthu anapekesa moto, tchire linapsa, nyama zinathawa, Chauta anakwera pa ulusi wa kangaude.

Sindinawadule mawu, ndipo sindingayerekeze. Nthano imeneyi inatilera. Atapita kukagona ndi pamene ndinamuuza mtsikanayu kuti palinso nkhani ina, yochokera kwa anthu oyeza. Mu 1927 wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, anawerengetsera n'kupeza kuti chilengedwe chikufutukuka. Mu 1929 Edwin Hubble anaonetsa kuti milalang'amba yakutali ikutalikirana nafe, ndipo yotalikitsitsa ndiyo ikuthawa mwaliwiro kwambiri. Ndinatenga mphira wa legeni ya mchimwene wake, ndinalembapo timadontho ndi khala, n'kukoka. Kadontho kalikonse kanatalikirana ndi kanzake, ndipo panalibe kamene kanganene kuti pakati ndine. Ukabweza zimenezi m'mbuyo umafika pa nthawi imene zonse zinali zothinana ndi zotentha koopsa, zaka mabiliyoni 13.8 zapitazo. Ndiyo amaitcha Big Bang.

"Ndiye chitsulo chinapangidwa pamenepo?" Ayi. M'mphindi zowerengeka zoyambirira munapangika hayidirojeni, magawo atatu mwa anayi polemera, ndi hiliyamu gawo lotsalalo, ndi kalithiyamu kochepetsetsa. Kenako kunazizira msanga, mphika unaphulidwa usanapse. Kunalibe kaboni, kunalibe okosijeni, kunalibe mwala ngakhale umodzi.

Anandifunsa kuti anaonako ndani. Funso labwino. Kutentha kwa nthawi imeneyo kunasiya kuwala kumene kunayamba kuyenda momasuka patatha zaka 380,000, ndipo mpaka lero kukufika kuchokera mbali zonse za thambo, kutazizira mpaka madigiri pafupifupi 270 pansi pa ziro. Arno Penzias ndi Robert Wilson anakumva ngati phokoso m'chipangizo chawo ku America, anayamba aganiza kuti ndi zitosi za nkhunda zimene zinamanga chisa m'menemo, anakolopa, phokoso osachoka. Analengeza mu 1965.

Lamlungu, kumudzi

Tchalitchi m'mawa, masana kumanda kukaona pamene anagona mayi. Za kumeneko sindilemba.

Usiku ndinali m'khitchini, mlongo wanga akuphika. Ndinauza mtsikanayu kuti awaze mchere pa moto. Lawi linasanduka lachikasu. Ndinaponyapo kachidutswa ka waya wa kopa, patapita kanthawi m'mbali mwake munaoneka lawi lobiriwira. Chinthu chilichonse chikatentha chili ndi kuwala kwakekwake, ngati chidindo cha chala. Ndi mmene anthu amadziwira zimene zili mu nyenyezi osapitako: amamwaza kuwala kwake ngati utawaleza n'kuwerenga mizere yake. Hiliyamu anayamba kumuona pa dzuwa mu 1868, padziko pano anadzamupeza mu 1895. Ndipo amene anaonetsa kuti nyenyezi ndi hayidirojeni ndi hiliyamu pafupifupi zokhazokha anali mtsikana wa zaka 25, Cecilia Payne, mu 1925, akuluakulu a nthawiyo asanakhulupirire. Mfundo iyi ndinainena kawiri, mwadala.

Panja ndinamuonetsa chimene wosula aliyense amachidziwa. Chitsulo pa chipala chimayamba kufiira, kenako chikasu, kenako kuyera. Agogo analibe choyezera kutentha, ankayeza ndi maso. Mukayang'ana kum'mawa, kumanzere kwa Akamwiniatsatana kuli nyenyezi yofiira, Betelgeuse, kumanja kuli yoyera mwabuluu, Rigel. Yofiirayo kunja kwake ndi madigiri 3,000 ndi kanthu, dzuwa lathu 5,500, yabuluuyo kupitirira 10,000. Mtsikanayu ankaganiza kuti yofiira ndiyo yotentha kwambiri. Anthu ambiri amatero, kupatula amene anapsapo ndi chitsulo.

Lolemba, Moatize

Chapa, minibasi ya kuno, yanyamuka pa Ulongué itadzaza mpaka pakhomo, matumba a mbatatesi pamwamba, nkhuku pansi pa mipando. Tinanyamuka titavala majuzi. Titalowa msewu waukulu wochokera ku Zóbuè n'kuyamba kutsika, majuzi anavulidwa, milambe inayamba kuoneka, ndipo mphepo yolowera pa windo inali ngati yochokera mu uvuni wa buledi. Angónia ali pamwamba, mamita oposa 1,000. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200, ndipo madigiri 40 kuno si nkhani.

Thukuta lili kamukamu, ndinati tiyeni tikambe za mwini kutenthayu. Pakati pa dzuwa pali madigiri mamiliyoni 15, ndipo kulemera kwa dzuwa lonselo kumapanikiza pamenepo. Timitima ta maatomu a hayidirojeni, timene mwachibadwa timakankhana, timakakamizika kulumikizana, tinayi n'kukhala hiliyamu mmodzi. Hiliyamuyo amapepuka pang'ono poyerekeza ndi tinayi tija, ndipo kotsalako ndiko kamasanduka kuwala ndi kutentha. Pa sekondi iliyonse dzuwa limagwiritsa ntchito matani mamiliyoni 600 a hayidirojeni, ndipo matani mamiliyoni 4 amasanduka mphamvu. Lakhala likutero zaka mabiliyoni 4.6. Bambo wina wokhala kutsogolo kwathu anatembenuka n'kunena m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa kuti ndiye lizime msanga, tavutika. Ndinawauza kuti nkhuni zake zatsala za zaka mabiliyoni ena 5. Chapa yonse inaseka.

Tagona kwa msuweni wathu kuno ku Moatize.

Lachiwiri, Moatize

M'mawa mtsikanayu anapukuta chala pa zenera la kunja, chinada bii. Fumbi la malasha. Msuweni akuti zovala sayanika nthawi yaitali. Anthu ena anasamutsidwa m'midzi yawo kuti migodi ikule, ndipo nkhani zawo ukazimva mtima umawawa. Tinaima pafupi ndi njanji kuonerera sitima ya malasha, mabogi osatha kuwerenga. Njanji imeneyi imadutsa m'Malawi mpaka kudoko la Nacala, makilomita oposa 900.

Ndinatola kachidutswa ka lasha kamene kanagwa m'mbali. Kopepuka, konyezimira mbali imodzi, kosweka mizeremizere. Iye anadziwa kale za kusukulu kuti ndi zomera zakale zokwiririka, zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo, ndipo dzina lake analinena m'Chipwitikizi, carbono. Koma kaboniyo asanalowe mu zomera anachokera kuti, popeza pachiyambi kunalibe?

Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima kwambiri. Nyenyezi ikamaliza hayidirojeni wa pakati pake, mtima wake umafinyika n'kutentha mpaka madigiri mamiliyoni 100, kunja kwake n'kutupa n'kufiira. Ikatero imayamba kuphika hiliyamu. Vuto lake ndi lakuti ahiliyamu awiri akalumikizana sakhalitsa, amasweka nthawi yomweyo. Ndinamufunsa kuti mphika ungakhale pa mafuwa awiri? Pamafunika lachitatu, ndipo lifike mphika usanagwe. Wachitatuyo akafika pa nthawi yake, papangika kaboni. Akawonjezekera wachinayi, okosijeni.

Mwa masamu a nthawi imeneyo zimenezi zinkaoneka zosatheka kuchitika mokwanira. Fred Hoyle wa ku England anaganiza chobwerera: kaboni alipo wambiri, ineyo ndine wa kaboni, ndiye mu mtima wa kaboni muyenera kukhala mulingo wina wa mphamvu wothandiza kuti fuwa lachitatu likhazikike msanga. Mu 1953 anapita kwa gulu la William Fowler ku California n'kuwauza pamene ayang'ane. Anayeza, anaupeza pomwepo. Mu 1957 awiriwa pamodzi ndi Margaret Burbidge ndi Geoffrey Burbidge analemba ndondomeko yonse ya mmene nyenyezi zimapangira zinthu zimenezi. Fowler analandira mphoto ya Nobel mu 1983, Hoyle sanalandire. Kwa ine pamenepo sipanayende chilungamo.

Nyenyezi zotere zikakalamba zimataya zikopa zake zakunja ngati njoka yofundula, kaboni n'kumwazika mumlengalenga. Malasha ambiri a kuno amapita kukayengera chitsulo kumayiko akutali. Ntchito yake ndi yomwe ija ya makala a m'ng'anjo ya makolo: kaboni amalanda okosijeni amene wagwirana ndi chitsulo m'mwala, chitsulo n'kutsala. Ndipo kaboni pang'ono akatsalira m'chitsulomo ndiye amachilimbitsa. Khasu lili m'chikwama changali lili ndi zonse ziwiri.

Lachitatu, Tete

Mlatho wa Samora Machel tawoloka wapansi, m'mawa kusanatenthe. Unatha kumangidwa mu 1973, ndipo magalimoto olemera tsopano amadzera pa wa Kassuende wa mu 2014. Pansi Zambezi ali wofiirira ndi madzi a mvula, amayi akuchapa m'mphepete. Ine maso anali pa zingwe zachitsulo zimene zanyamula mlathowu. Ndinagwira chitsulo cha m'mbali, chinali chitayamba kale kutentha.

Pakati pa mlatho mtsikanayu anati, "Amalume, lero akwana masiku asanu chikufunsireni, chitsulo simunachifikebe." Ndinati tafika.

Dzuwa lathu silidzapanga chitsulo, ndi laling'ono. Pamafunika nyenyezi yolemera kuposa dzuwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira, monga Betelgeuse uja. Yotereyo imakhala ngati banja limene nkhuni zatha: liyamba kusonkhezera zitsononkho, zikatha mapesi, akatha udzu wa denga, ndipo chilichonse chimanyeka msanga kuposa chinzake. Hayidirojeni amatenga zaka mamiliyoni. Hiliyamu zaka masauzande mazanamazana. Kaboni zaka mazana ochepa. Okosijeni miyezi. Silikoni, amene phulusa lake ndi chitsulo, tsiku limodzi kapena masiku owerengeka. Zikafika pa chitsulo moto wathera pomwepo, chifukwa kulumikiza chitsulo sikutulutsa mphamvu, kumachita kuyamwa. Mtima wa nyenyeziyo umasowa choutchinjiriza, umagwa sekondi imodzi isanathe, ndipo nyenyezi yonse imaphulika. Ndiyo supernova. Mu kuphulikako mumapangika chitsulo china chatsopano, n'kumwazika pamodzi ndi okosijeni, silikoni ndi kashiamu. Chitsulo china chambiri chimachokera ku nyenyezi zing'onozing'ono zakufa kale, zimene zimaphulika zikalandira katundu wopitirira muyezo kuchokera kwa inzake.

Fumbi limenelo linayandama, linasakanikirana ndi mitambo ya hayidirojeni, mtambo umodzi unagwirana n'kukhala dzuwa ndi dziko lino. Ndi mmene chinalowera m'miyala. Iye anayang'ana m'manja mwake. Chaka chatha anadwala kuchepa magazi, ankamwa timapiritsi tofiira ta ku chipatala. "Ndi chomwecho?" Ndi chomwecho, magalamu pafupifupi 4 m'thupi la munthu wamkulu, osakwana msomali umodzi wa mainchesi atatu.

Masana tinabisala pa mthunzi, tinadya nsima ya nsomba ya pende, osayendanso.

Lachinayi, Songo

Makilomita pafupifupi 150, ndipo chakumapeto msewu umakwera phiri mokhotakhota mpaka makutu kutsekeka. Pamwamba pali kamphepo. Mu chapa tinakhala ndi mnyamata wa ku Macanga, Mchewa mnzathu, wokumba golide. Manja ake anali ong'ambikang'ambika. Anatulutsa kabotolo kamene kale kanali ka mankhwala, pansi pake pali timchenga tachikasu tosadzaza chikhadabo. Akuti masabata atatu m'dzenje, ndipo mnzake wina dothi linamugwera chaka chatha. Mtsikanayu anandigwedeza ndi chigongono: nanga uyu, poti moto umathera pa chitsulo?

Golide njira yake ndi ina. Mtima wa nyenyezi yophulika ija umatsala ngati kampira ka makilomita 20 okha m'mimba mwake, koma kolemera kuposa dzuwa. Tiwiri totere tikazungulirana mpaka kugundana, timamwaza manyutironi (tizidutswa ta m'mitima ya maatomu) ochuluka, amene amalowa m'mitima ya zinthu zina mothamanga n'kuzisandutsa zolemera. Pa 17 Ogasiti 2017 makina a LIGO ku America ndi Virgo ku Italy anamva kugwedezeka kwa kugundana kotere, kumene kuwala kwake kunayenda zaka mamiliyoni 130 kuti kufike kuno, ndipo oyang'ana kumwamba anaona zizindikiro za zinthu zolemera zikupangika. Kugundana kotere ndi kwa apo ndi apo, n'chifukwa chake golide ndi wosowa. Mnyamatayo anamvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana kabotolo kake, n'kuti, "Achimwene, ndiye ogula aja amatibera kwambiri." Anatsika pa mphambano tisanayambe kukwera phiri.

Alamu anatilandira, ndipo madzulo anatitengera pamene damu la Cahora Bassa limaonekera. Khoma la mamita 171 pakati pa mapiri awiri, pamene mathithi anabweza sitima ya David Livingstone mu 1858. Linatsekedwa mu 1974, limapanga mamegawati 2,075, ndipo magetsi ambiri amapita ku South Africa pa mawaya a makilomita 1,400, pamene kwathu ku Domue ambiri akuunikirabe tochi. Mtsikanayu sanadikire kuti ndiyambe. Anauza bambo ake yekha kuti m'madzi onsewo okosijeni anaphikidwa mu nyenyezi, koma hayidirojeni ndi wa pachiyambi penipeni, wamkulu kuposa dzuwa. Alamu anandiyang'ana ngati ndamulodza mwana.

Lachisanu, Songo

Usiku wathawu tinatuluka kuseri kwa nyumba, kutali ndi mababu. Kum'mwera kuli timitambo tiwiri toyera timene sitisuntha ndi mphepo. Si mitambo, ndi milalang'amba ing'onoing'ono yoyandikana ndi wathu. Mu waukuluwo, pa 23 Febuluwale 1987, munaoneka supernova yooneka ndi maso, yoyamba yotere kuchokera mu 1604. Kuwala kwake kunayenda zaka 168,000. Akatswiri anaitsatira miyezi yambiri, ndipo kuzirala kwake kunayenderana ndendende ndi mmene kobalti amasandukira chitsulo, theka lake pa masiku 77 alionse. Anaona chitsulo chikubadwa.

Miyezi imeneyo ife tinali m'zisakasa ku Dedza, tikudikira ufa ndi nandolo za chithandizo. Agogo ankakhala panja usiku, tulo tinkawavuta, ankangoyang'ana cha kuno kumene anasiya chipala chawo. Nyenyezi ija inawala kwambiri mu Meyi, mitambo itachoka, ndipo madzulo inali mbali ya kum'mwera chakumadzulo, mbali ya kwathu. Panalibe wotiuza. Izi sindinathe kumufotokozera mtsikanayu bwinobwino, mawu ankandikanika pakhosi.

Khasu ndinati ndipita nalo ku Lilongwe, ndikalipachike ku shedi. M'mawa uno ndinalitulutsa kuti alamu alione. Analitembenuza, analigogoda ndi chala, linalira bwino. Pali kamng'alu kakang'ono pafupi ndi nsonga, ndipo ndinaganizapo zokakawotcherera, koma ndodo yanga singakhudze ntchito ya agogo. Mtsikanayu anapempha kuti likhale kwa iye. Alamu atenga chikwanje, apita kukafuna mtengo wa mpini, akuti wopindika bwino uli kuseri kwa phiri. Chapa yanga yobwerera ku Tete inyamuka 11 koloko.